Funsani Mkulu wa mu Labotale: Batchi Imodzi, Zotsatira Zitatu

FUNSO: Akulu, tsamba lanuli ndimaliwerenga mwezi ndi mwezi. Ndine mayi woyeza mankhwala mu labotale ya fakitale ina yopanga mapiritsi, ndipo chino ndi chaka changa chachiwiri pantchito. Pali batchi imodzi, gulu la mapiritsi opangidwa pamodzi, imene yandisowetsa tulo. Pa mankhwala amenewa Q, mlingo wa mankhwala oyenera kusungunuka m'madzi, ndi 80 peresenti pakatha mphindi 30. Nditayeza dissolution, kusungunuka kwa mapiritsi, ndinapeza maperesenti awa: 88, 90, 87, 91, 76 ndi 89. M'mawa mwake mnzanga anatapa mapiritsi ena 6 m'botolo lomwelo, onse n'kugwera pakati pa 86 ndi 92. Abwana anati tilembe za mnzangazo, zangazo nding'ambe, poti mwina dzanja linandiphonya. Mtima sunakhale m'malo, ndiye ndinakapempha mapiritsi a m'diramu lomaliza kudinda. Amenewo anatuluka pakati pa 74 ndi 81, chonsecho mabatchi am'mbuyomu sankatsika pa 92. Kulemera kwa mapiritsi kuli bwinobwino, koma m'mapepala a batchi ndaona kuti kulimba kunayambira pa 90 N (N ndi newton, muyezo wa mphamvu yothyolera piritsi) n'kumatsika mpaka 65 N chakumapeto, komanso makina odinda ankangoimaima tsiku limenelo. Anzathu opanga akuti labotale ndiyo yabodza, ife tikuloza iwo. Ndigwire mtengo wanji? — Wosowa tulo

YANKHO: Achemwali, pepala lija musang'ambe. Lisungeni momwe liliri, ndi tsiku lake komanso siginecha yanu. Chondiseketsa, ngakhale si nkhani yoseketsa, n'chakuti abwana anuwo akufuna kubisa chinthu chimene sichinafunike kubisa n'komwe.

Taonani. Mabuku a malamulo a mankhwala, kaya USP ya ku America kaya BP ya ku Britain, amayeza dissolution m'magawo atatu. Gawo loyamba, S1, limafuna mapiritsi 6, ndipo lililonse lifike pa Q kuphatikizapo 5, kutanthauza 85 kwa inuyo. Apa 76 uja wagwadi. Koma kugwa pa S1 si kugwa kwa batchi. Lamulo limati onjezerani ena 6 muwerengere pamodzi onse 12: avareji yawo isatsike pa 80, ndipo pasapezeke ngakhale limodzi lochepera 65. Zikakanika pamenepo pali S3, ena 12, kukwana 24. Ndawerengera pano, anu aja avareji yawo ndi pafupifupi 87, ndipo a mnzanuwo ndi chapomwepo kapena kuposa. Kukanakhala kuti anatsatira ndondomeko n'kuyeza achiwiriwo monga S2, palibe akanakufunsani kanthu. Chololedwa ndi kuonjezera. Kuchotsa oyamba n'kuikapo achiwiri ndiye mlanduwo.

Ndikati mlandu sindikukokomeza. M'chaka cha 1993, ku New Jersey m'dziko la America, woweruza Alfred Wolin anagamula mlandu wa pakati pa boma ndi kampani ya Barr Laboratories, ndipo chigamulo chimenecho ndicho muzu wa momwe timachitira ndi zotsatira zogwera kunja kwa malire, zimene tonse timangoti OOS. Zotsatira sizikanidwa popanda kufufuza. Kubwereza kuyeza kumakhala ndi polekezera, osati kuyeza mpaka nambala yokoma ituluke. Avareji isakwirire kusiyana kwa piritsi ndi piritsi linzake. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linadzalemba mfundozi m'ndondomeko yake ya 2006, yomwe linaikonzanso mu 2022. Kungoti mwina dzanja linaphonya si kupeza cholakwika. Cholakwika chimalozedwa ndi chala: madzi atayika apa, botolo lasokonezeka ili, chiwerengero chalakwika pamzere uwu. Komanso dziwani kuti kompyuta ya makina oyezera siiwala. Woyendera mafakitale akadzabwera adzaona kuti tsiku lakutilakuti panayezedwa mapiritsi 6 amene m'mapepala mulibe, ndipo dzina limene adzalipeze pamenepo ndi lanu.

Tsopano ku vuto lenileni. Ine ndikuona mavuto awiri osiyana, ndipo mkangano wanu ndi opanga sukutha chifukwa aliyense akugwira lake n'kumayesa kuti ndi limodzi.

Loyamba ndi 76 uja, woima yekha pakati pa anzake abwino. Poti piritsi lililonse limasungunulidwa mu mtsuko wakewake wa makina oyezera, funso langa ndi lakuti anatuluka mu mtsuko uti? Ndili mnyamata pantchito imeneyi tinatha milungu itatu tikulozana zala ndi opanga chifukwa cha piritsi limodzi lotsalira pafupifupi pa mayeso alionse. Amene anatiombola ndi mayi wina wotsuka magalasi, yemwe tsiku lina anangofunsa chifukwa chake timadandaula za mtsuko wachisanu wokhawokha. Ife ophunzirafe tinali tisanazindikire. Titayeza tinapeza kuti chopalasa chija timati paddle chinali chitakwera m'mwamba, munthu wina atachimanga molakwika pambuyo potsuka. Chimayenera kukhala mamilimita 25 kuchokera pansi pa mtsuko, kusiyana kosaposa 2. Chikakwera, ufa wa piritsi umangounjikana pansi ngati kachulu, madzi n'kumazungulira pamwamba osaukhudza.

Ndiye tsegulani mabuku akale muone ngati mtsuko umenewo uli ndi mbiri. Yezani kutentha kwa madzi mu mtsuko uliwonse ndi choyezera chanu, musakhulupirire nambala yowala pa makina. Pakufunika madigiri 37, kusiyana kosaposa theka la digiri. Liwiro la chopalasa lisasiyane ndi lolembedwa kuposa 4 peresenti. Madziwo munawachotsa mpweya? Ambiri amadumpha pamenepa akapanikizika ndi ntchito, koma tithovu tikamatirira pa piritsi, mbali imeneyo sinyowa. Njira ya mu USP ndi kutenthetsa madzi kufika pa madigiri 41, kuwasefa pa sefa ya 0.45 micron mpweya ukukokedwa, n'kuwatakasa kwa mphindi 5 mpweya ukukokedwabe. Potunga sampulo, nsonga ikhale pakati pa pamwamba pa madzi ndi pamwamba pa chopalasa, ndipo italikire khoma la mtsuko ndi sentimita imodzi kapena kuposa. Sefa ya pa sirinji nayonso imatha kuba mankhwala. Ngati njira yanu imati mamililita oyamba atayidwe, ndipo pa mtsuko umodzi munaiwala, nambala imatsika ndithu. Mukayendera zonsezi osapeza kanthu, 76 ndi wa piritsi lenileni ndipo akhala pomwepo. Botolo lanu lija munali mapiritsi osakaniza a batchi yonse, choncho n'zotheka kuti munangotola limodzi la kumapeto.

Zimenezi zikutifikitsa pa vuto lachiwiri, lomwe kwa ine ndilo lalikulu. Mapiritsi onse a diramu lomaliza atsika limodzi. Mtsuko umodzi sungachite zimenezo. Ndipo m'kalata yanu muli chizindikiro chimene mwina simunachione kukula kwake. Mwachizolowezi piritsi lofewa limasungunuka msanga kuposa lolimba, chifukwa madzi amalowa mosavuta. Anuwa afewa, koma akuchedwa kusungunuka. Zinthu ziwirizi zikayendera limodzi, woyamba kumukayikira ndi magnesium stearate.

Ufa umenewu timauika wochepa zedi, kawirikawiri theka la peresenti kapena peresenti imodzi, kuti piritsi lizituluka m'dzenje la die, chikombole chodindira piritsi, osakakamira. Koma umadana ndi madzi. Ukatakasidwa nthawi yaitali umayala kachikopa kopyapyala pa njere iliyonse, ndiye njerezo sizigwirananso bwino podinda, komanso madzi amavutika kuzinyowetsa. N'chifukwa chake umathiridwa pomaliza n'kusakanizidwa mphindi zochepa chabe. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti kusakaniza sikuthera mu blender, makina osakanizira ufa. Mu feed frame ya makina odinda muli timapiko tozungulira tokankhira ufa m'maenje. Makina akamayenda pang'onopang'ono, kapena akamaimaima koma timapikoto tikuzungulirabe, ufa umapitiriza kutakasidwa pamenepo. Mwanena nokha kuti makina ankaimaima. Funsani kuti ankaima nthawi yanji, kwa mphindi zingati, ndipo feed frame inkazimitsidwa kapena ayi. Funsaninso ngati mapiritsi oyamba kutuluka makina akayambiranso ankatayidwa. Mukatero tengani pepala mujambule kulimba kwa mapiritsi motsatira nthawi imene anadindidwa, n'kuikapo timizere pa nthawi zimene makina anaima. Nthawi zambiri chithunzicho chimalankhula chokha.

Pali wina woti timukayikire, ndiye kupatukana kwa ufa. Mukagwedeza chidebe chokhala ndi mchenga ndi timiyala, mchenga umatsika, timiyala n'kutsala pamwamba. Ufa wa mapiritsi umachitanso chimodzimodzi mu hopper, chidebe chotsitsira ufa m'makina odinda, makamaka chakumapeto pamene watsala wochepa. Zikatero mapiritsi omaliza akhoza kukhala ndi mankhwala ochepa ngakhale kulemera kwawo kuli kolondola. Kusiyanitsa ziwirizi n'kosavuta. Mphindi 30 zikatha ndipo mwatunga sampulo, musataye madzi. Kwezani liwiro la chopalasa kwambiri, chizungulire kwa mphindi zina 30 kapena ola, mutungenso. Nambala ikakwera kufika cha pa 100, mankhwala alimo koma akuchedwa kutuluka, ndipo maso abwerere kwa magnesium stearate kapena kwa ufa wophulitsa piritsi, monga croscarmellose sodium. Ikakakamira cha m'ma 80, mankhwalawo mulibe, ndipo nkhani yasanduka ya content uniformity, kufanana kwa mlingo wa mankhwala mu piritsi lililonse, yomwe ndi yoopsa kuposa.

Pofuna kuti mkangano uthe, chitani mayeso amodzi awa. Tsiku limodzi, madzi amodzi, makina amodzi, woyeza mmodzi. Mitsuko itatu ilandire mapiritsi a diramu loyamba, itatu inayo a diramu lomaliza. Kenako bwerezani mutasinthanitsa mitsuko. Nambala zotsika zikatsatira mapiritsi, vuto lili kopanga. Zikatsalira pa mitsuko, lili kwa inu. Muitane mmodzi wa opanga adzaime pomwepo, ndipo nonse muyang'ane m'mitsukomo ndi maso m'malo mopita kukacheza n'kubwera nthawi itakwana. Kodi piritsi likuphulika pa mphindi yachingati? Likuyandama? Pamwamba pa madzi pakuoneka kautoto koyera? Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma musanayambe, lembani chimene mukufuna kutsimikiza ndi momwe muyezere, a QA, oyang'anira ubwino wa mankhwala pa fakitale, asainire. Mayeso ofufuzira opanda chilolezo amaoneka ngati kuyeza kozembera, ndipo ngakhale aja munachita pa diramu lomaliza muyenera kuwaulula m'lipoti lomwelo.

Chotsala n'chakuti ngakhale mapiritsi anu abwinowo akuchepera pa 92 wa mabatchi akale. Pamenepa ikani mapepala a batchi ino pambali pa a batchi yabwino yomaliza, muyende mzere ndi mzere. Kodi loti ya mankhwala enieni, gulu lake limene munalandira, inasintha, ndipo kukula kwa njere zake n'kofanana ndi kale? Nanga loti ya magnesium stearate? Maloti awiri onse akhoza kupambana mayeso olandirira katundu koma n'kumasiyana kusalala kwa njere, ndipo wosalala kwambiri amakuta ufa mofulumira. Chinyezi cha granules, njere za ufa, pochoka mouma chinali chotani? Batchi inakula, kapena anagwiritsa blender ina? Mphindi zitatu mu blender yaikulu sizifanana ndi mphindi zitatu mu yaing'ono.

Za abwana anuwo, musakangane nawo m'khonde. Alembereni mwaulemu, kope lipite ku QA, kupempha kuti patsegulidwe kafukufuku ndipo batchi iyambe yaimitsidwa. Wodwala sameza avareji ya batchi, amameza piritsi limodzi, ndipo wina adzalandira la m'diramu lomalizalo.

FUNSO: Bambo, ine ndimayendetsa makina odinda. Mphindi 30 zilizonse ndimayeza mapiritsi 10 pamodzi pa sikelo ndipo nthawi zonse amakwana. Koma a labotale atayeza 20 limodzilimodzi akuti atatu atuluka m'malire. Piritsi lathu ndi la 120 mg. Kodi sikelo yawo ndiyo yakufa kapena yanga? — Wa pamakina

YANKHO: Achimwene, n'kutheka kuti masikelo onse awiri ali moyo. Inu mukuyeza mulu, iwo akuyeza piritsi. Mu mulu wa 10, lolemera limabisa lopepuka. Malinga ndi BP, piritsi lopitirira 80 mg koma losafika 250 mg limaloledwa kusiyana ndi avareji ndi 7.5 peresenti. Kwa inu ndi kuyambira 111 mpaka 129 mg. Mwa mapiritsi 20, ololedwa kutuluka m'malirewo ndi awiri okha, ndipo palibe lololedwa kupitirira kusiyana kowirikiza kawiri. Atatu ndiye kugwa kumene.

Komabe yambani ndi masikelo, poti sizitenga nthawi. Kathovu ka levulo kali pakati? Mwaikapo miyala yoyesera m'mawa uno? Sikelo yanu ili pafupi ndi makina ogwedezeka kapena pansi pa mphepo ya mu denga? Tengani mapiritsi omwewo muwayeze pa masikelo onse awiri, nkhani ya sikelo ithere pomwepo.

Kenako funsani a labotale kuti atatu aja anali opepuka onse, olemera onse, kapena osakanikirana. Yankho lake likuuzani kolowera. Akakhala a mbali imodzi, ine ndimayamba kukayikira panchi imodzi, kachitsulo kofinya ufa mu die. Kulemera kwa piritsi kumadalira kuya kwa dzenje limene panchi ya pansi imasiya mu die. Mapanchi a seti imodzi amayenera kufanana kutalika kwake, kusiyana kosaposa pafupifupi 0.05 mm. Wina akatenga panchi ya seti yakale n'kuika m'malo mwa yothyoka, kapena panchi imodzi ikamalimba chifukwa cha ufa wolowa m'njira yake n'kumalephera kutsika mokwanira, siteshoni imeneyo imatulutsa piritsi lolakwika pa kuzungulira kulikonse. Chepetsani liwiro, mutole mapiritsi motsatana momwe akutulukira, kuzungulira kuwiri kapena kutatu, muwandandalike patebulo n'kuyeza limodzilimodzi. Lolakwika likamabwera pa malo omwewo, mwaipeza.

Akakhala osakanikirana, ena opepuka ena olemera, ndiye kuti ufa sukuyenda bwino. Suzumirani mu hopper. Ufa umatha kumanga kamlatho pakhosi, kapena kuboola kauna pakati wam'mbali n'kungokhala. Ndikudziwa chimene mumachita zikatero, mumamenya hopper ndi chikhatho. Ndinkateronso ine. Koma kumenyako kumatsitsa ufa wambiri nthawi imodzi, mapiritsi n'kulemera kwa kanthawi kenako n'kupepukanso, komanso kumathandiza njere zazing'ono kupatukana ndi zazikulu. Yang'ananinso kachitsulo kopalira ufa wotsala pamwamba pa die. Kakatha kapena kakakwera, dzenje lililonse limatenga mulingo wakewake. Ndipo liwiro: makina akathamanga kwambiri dzenje limadutsa pansi pa feed frame lisanadzaze. Tsitsani liwiro pang'ono, m'kati mwa malire a m'mapepala a batchi, muyezenso 20. Zikakhala bwino, mwapeza umboni woti mupite nawo kwa akuluakulu.

Chimodzi chokha musachite, ngakhale wina akunong'onezeni: kuthiramo colloidal silicon dioxide woonjezera kuti ufa uterere. Kusintha zosakaniza si kwa pamakina. Koma kupempha kuti pa cheke chilichonse muziyezanso mapiritsi limodzilimodzi, chimenecho ndi chanu, ndipo pemphani lero.

FUNSO: Akulu, makina athu awiri oyezera kulimba sagwirizana. A kopanga amapereka 8 koma a mu labotale amapereka cha m'ma 70 kapena 80 pa mapiritsi omwewo. Ndangoyamba kumene ntchito ndipo ndikuchita manyazi kufunsa. — Wophunzira

YANKHO: Mwana wanga, safunsa anadya phula, ndiye mwachita bwino. Yang'anani tilembo totsatira nambalazo. Makina a kopanga akuwerenga mu kp (kilopond), a mu labotale mu N (newton), ndipo 1 kp ndi pafupifupi 9.8 N. Choncho 8 wanuyo ndi 78 wa anzanuwo, ndipo makinawo akugwirizana kuposa momwe anthu ake akugwirizanirana.

Kusiyana kotsalako, kwa pakati pa 70 ndi 80, kuli ndi magwero ake. Piritsi ndi piritsi amasiyana ndithu pang'ono, koma onaninso kagonekedwe. Piritsi lalitali likafinyidwa m'litali limapereka nambala ina, likafinyidwa m'mimba limapereka inanso. Lokhala ndi mzere wodulira limathyoka mosiyana malinga ndi kumene mzerewo waloza. Nthawi nayonso imalowapo: mapiritsi ena amasintha kulimba m'maola otsatira kudindidwa, ndiye loyezedwa likadali lofunda pamakina silingafanane kwenikweni ndi loyezedwa mawa lake. Pukutani nsagwada za makina musanaike lina, chifukwa zinyenyeswa za lothyoka kale zimanamiza. Tsegulani SOP yanu, buku la ndondomeko ya ntchito, muone ngati ikunena za kagonekedwe ka piritsi ndi muyezo wogwiritsa ntchito. Ngati ili chete, auzeni amene akukuphunzitsani kuti ziwirizo zilembedwemo, ndipo makina onse awiri aikidwe pa N.